Makoswe a m'nyumba yozira

Ndikakumbukira agogo anga aakazi, amene ife tinkawaitana kuti anganga, chimene chimayamba kundifika m'mphuno ndi dothi lakuda lonyowa, lija ankakalitapa kudambo n'kudzazirira nyumba Loweruka lililonse, atagwada, chitenje atachimanga zolimba m'chiuno, dzanja likuyenda mozungulira ngati akusisita mwana pamsana. Ankayambira kuchipinda n'kumabwerera chambuyo, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, mpaka kudzatulukira pakhomo, ndipo dothilo likayamba kuuma ankatenga mwala wawo wosalala n'kukulungiza mpaka pansi ponse kuchita waliwali. Nthawi imeneyo munthu sankaponda m'nyumbamo. Ine ndi mng'ono wanga Esimi tinkakhala panja pansi pa mango, kupirikitsa nkhuku, mphepo yochokera ku Kachulu ikutibweretsera utsi wa milamba yowamba ndi fungo la matemba oyanika, kudikira kuti atiuze kuti lowani.

Dzina lawo linali Anachisale. Tinkakhala nawo chifukwa nyumba yathu inagwa ndi mvula, ndipo bambo ankatha miyezi ali panyanja, m'tizisakasa tija asodzi amamanga pamwamba pa njedza, udzu wa m'nyanjamo, moti zomanganso nyumba zinangokhala za mawa, za mawa. Mayi analipo, koma pakhomo pa anganga mawu anali a anganga. Analibe ng'ombe, analibe malata, sukulu anangoidutsa panja. Chimene anali nacho ndi mbiri yoti ndi mayi waukhondo, ndipo mbiri imeneyo inali ndi umboni wake: alendo a mpingo ankagona kwathu. Mlaliki akachokera ku Zomba, kaya amayi a mpingo wina akabwera kumsonkhano, panalibe zokambirana, mphasa zinkayalidwa kwa Anachisale. Amake Dolofe, oyandikana nafe, anali ndi nyumba ya njerwa zowotcha, koma alendo ankaidutsa. Ankatimwetulira amake Dolofe, koma zinkawawawa.

Tsono makoswe analimo. Ndinene poyera lero, poti kale sindikanayerekeza. Akuba atayamba kuboola nkhokwe, aliyense analowetsa mpunga m'nyumba, ndipo kumene kwapita mpunga khoswe safuna kumuitana. Matumba athu ankasanjikizana kuchipinda kumene tinkagona ine ndi Esimi. Ankathamanga pa mitanda ya denga, ankagwa, ankalumana, ndipo m'mawa ndowe zawo zinkapezeka palichero. Anganga ankadzuka wina aliyense asanadzuke n'kusesa zonse. Ukafunsa kuti chimasokosa kudenga n'chiyani, ankayankha osakuyang'ana: "Ndi abuluzi." Abuluzi a kwa anganga ankadya sopo, ankaboola matumba, ndipo wina anandiluma chala chakumwendo. Mphaka sankamufuna. Ankati, "Mphaka amaweta ndi amene ali ndi makoswe."

Esimi anadwala titangomaliza kukolola mpunga, nyengo yozizira ija udzudzu umachepako. Anali kamwana kolongolola, kokonda kukwera pa matumba n'kumabwira mpunga wosaphika, ndiye kuona kali duu pamphasa tinadziwa kuti zavuta. Thupi linatentha, mutu unkamuwawa, ndipo ukamugwira akatumba a miyendo ankalira ngati wamubaya. Tinamubereka mosinthanasinthana mpaka kuchipatala chaching'ono chathu chija. Anamubaya chala, tinadikira, adokotala anayang'ana kachipangizo kawo n'kupukusa mutu.

"Si malungo a udzudzu awa."

"Nanga ndi a chiyani?" anafunsa anganga.

Adokotala anati funso lomwelo ndi limene labweretsa anthu ena pachipatalapo. Anali akafukufuku, ofuna kudziwa chimene chimatenthetsa anthu thupi kumidzi ya m'mbali mwa nyanja pamene magazi akukana kuti si udzudzu. Mkulu wawo anali mayi Nyirenda, wamtali, wolankhula Chichewa chakumpoto, chija chimamveka ngati munthu akukunyengerera. M'mudzi ena ankanong'onezana kuti anthuwa ndi opopa magazi, koma anganga za magazi sizinawavute. Analola kuti amutenge Esimi m'kabotolo. Chimene chinawavuta ndi mafunso.

Kachipinda kanali kakang'ono, ndiye mafunsowo ankafunsira pakhonde, pafupi ndi benchi ya odikira. Pa benchipo panali amake Dolofe, atabwera ndi mwendo wawo wotupa uja. Madzi mumatunga kuti? Pamjigo. Mwanayu amalowa m'madzi a kumpunga? Amalowa. Mbuzi zimagona m'nyumba? Anganga anaseka pang'ono, iyayi. Kenako mayi Nyirenda anafunsa, mofanana ndi mafunso ena onsewo:

"Nanga makoswe m'nyumba mwanu alimo?"

Ndinaona khosi la amake Dolofe likutalika. Mayi anga anazyolika. Anganga anakonza mpango kumutu.

"M'nyumba mwanga? Iyayi, mwananga. Funsani aliyense."

Esimi anapatsidwa mankhwala oziziritsa thupi, tinabwerera. Anakhalako bwino masiku angapo, mpaka anayambanso kutukwana nkhuku. Kenako zinabweranso mwamphamvu kuposa poyamba, akusanza, maso ali psuu. Ulendo uno anamugoneka kuchipatala, mayi n'kutsala naye, ine n'kutsala pakhomo ndi anganga, kumakapereka phala masana.

Sabata yomweyo galimoto ya akafukufuku inalowa m'mudzi. Anabwera ndi misampha yachitsulo, timabokosi totalika ngati mkono wa mwana, tokhala ndi kachitseko kodzitseka kokha. Khoswe akalowa kutsata chiponde sankafa, ankangotsekeredwa. Anatchera m'nyumba za kumene kunachokera odwala ndi nyumba zoyandikana nazo. Anatiuza momveka kuti tisasinthe kalikonse, tisasunthe katundu, tisakhudze misampha, nyumba ikhale mmene imakhalira. Anganga anavomera ndi mutu mwaulemu. Anali atazira kale dzulo lake, ngakhale silinali Loweruka, chifukwa anamva kuti kukubwera alendo.

Vuto linali potenga. Aliyense anali atamva za kumudzi woyandikana nawo kuti akabwera m'mawa amatulutsa misampha n'kuindanditsa pakhonde, kuitsegulira m'matumba, mudzi wonse ukuonerera. Anthu a kwathu mukuwadziwa. Galimoto ikangoima, ngakhale amene ali ndi mphika pamoto amausiya.

Kusanayere bwino anganga anandigwedeza. Misampha yonse inali itatseka, ikuchita kuvina yokha pansi. Anaikulunga m'chiguduli, ine n'kunyamula ina, tinadzera kuseri kwa bafa mpaka kudimba kumene kuli ngalande. Anamiza umodziumodzi m'madzi mpaka kugwedezeka kutasiya, n'kukhuthulira m'bango. Ndikutembenuka ndinaona munthu atawerama chapafupi, nayenso atapanira chinthu m'khwapa. Anali amake Dolofe. Amayi awiriwo anayang'anizana.

"Mwadzuka bwanji Anachisale?"

"Ndadzuka, kaya inu?"

"Ndimati ndione mbatata."

"Inenso ndimati ndione mbatata."

Tinabwerera aliyense njira yake. Anganga anapukuta misampha ndi nsanza, anasinja mtedza pang'ono n'kupaka m'kati, anaibwezera m'malo mwake. Akafukufuku atafika anapeza kwathu mulibe kanthu, kwa amake Dolofe mulibe kanthu, nyumba zinanso chimodzimodzi. Bambo wina amene ankawanyamulira katundu anaseka n'kunena kuti mudzi uno ndiye wakumwamba, ngakhale khoswe amauopa. Mayi Nyirenda sanaseke. Anangoti misampha itsale, abweranso mawa.

Apa ndi pamene anganga anasokoneza zinthu ndi mtima wawo wabwino. Tsiku lonse ankadandaula. Anthu achoka kutali, awotcha mafuta, agwada m'nyumba mwathu ndi zovala zawo zoyera, n'kubwerera chimanjamanja? Kwa Anachisale mlendo sankachoka chimanjamanja, ngakhale dzungu ankamusenzetsa. Komanso anaona kuti misampha ikamapezeka yopanda kanthu, anthuwa sasiya kubwera. Ndiye anaganiza zowapatsa mbewa. Kwa ife mbewa ndi khoswe n'zosiyana kutali: mbewa ndi ya kumunda, ndi ndiwo, imalowa m'nyumba mwangozi ndipo palibe amene angakuseke nayo. Khoswe ndi uve.

Masana tinapita kumunda wa chimanga kumtunda ndi khasu, machesi ndi mphika. Anganga kukumba mbewa ankakutha kuposa amuna. Anatseka maenje otulukira, anayatsa udzu pa una waukulu n'kumauzira utsi m'kati, ndipo zikatuluka zili zendazenda ankazigwira pakhosi zamoyo n'kuponya mumphika. M'mawa mwake makoswe anapitanso kungalande, mbewa n'kulowa m'misampha.

Galimoto itafika, khonde lathu linadzaza. Mayi Nyirenda anavala magolovesi ndi kansalu kotseka pakamwa, anatsegulira msampha woyamba m'thumba loonekera m'kati, anayang'anitsitsa. Anatsegula wachiwiri. Anganga anali chilili pambali, manja kumbuyo, akufotokozera anthu kuti mbewazi ziyenera kuti zinabwera ndi mapesi. Mayi Nyirenda anavula kansalu kaja, nati ali ndi ludzu, kodi angalowe m'nyumba amweko madzi? Anganga anandituma chikho. Titalowa, mayiyo anakankha chitseko pang'ono. Anayang'ana kudenga, pa mitanda imene inali itada ndi mafuta a m'mimba mwa makoswe. Anayang'ana matumba osokedwasokedwa. Madzi sanamwe.

"Agogo, mbewa zija zikununkha utsi."

"Nyumba ya udzu, mwananga, utsi sulephera."

"Ndevu zake zapserera."

Ine ndinangofuna kulowa pansi, chikho chili m'manja. Mayiyo akanakalipa zikanapepuka, koma ankalankhula motsitsa mawu ngati ali pamaliro. Anati iye sanabwere kudzaona amene amasesa ndi amene sasesa, kwawonso makoswe alimo. Anati pali matenda amene tizilombo take timakhala mu impso za makoswe n'kumatuluka ndi mikodzo, kugwera pa chakudya, m'madzi, pamphasa. Munthu amatentha thupi ngati malungo, koma mankhwala a malungo sawagwira, ndipo akachedwa amaononga impso ndi chiwindi. Magazi a Esimi anali atatumizidwa kutali, ndipo yankho lake likanatenga nthawi imene mwanayo analibe.

"Adokotala akuganizira matenda angapo, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Dzulo anandifunsa za kunyumba kuno. Ndinawauza zimene munandiuza inu. Ndizisiye choncho?"

Kunsi kwa chitseko kunkaoneka mithunzi ya mapazi. Amake Dolofe anatsokomola pakhonde, pafupi penipeni.

"Zisiyeni choncho," anatero anganga.

Mayi Nyirenda anati misampha aisiyabe, koma galimoto ili ndi midzi ina, kuno ibweranso sabata yamawa; iye mawa akakhala kuchipatala. Anatuluka, anathokoza anganga pamaso pa anthu chifukwa cha madzi, ananyamula mbewa zija n'kumapita.

Masana amenewo tinapita ndi phala. Esimi sanalilawe. Maso ake, amene anali ofiira, tsopano anali achikasu ngati dzira, milomo itang'ambika. Mayi anga anati kuyambira dzulo sanakodze. Ndinamuitana, anandiyang'ana ngati akuona munthu wodutsa. Mayi anagwira chitenje cha anganga ngati kamwana.

"Mayi, mwanayu akupita."

Anganga anakhala pansi pafupi ndi bedi, ananyowetsa kansalu n'kumapukuta mapazi a Esimi, chala chimodzichimodzi, nthawi yaitali. Sanapemphere mokweza monga ankachitira. Titafika kunyumba sanasese pabwalo, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo chibadwire. Dzuwa lisanalowe anatenga misampha n'kuichotsa m'malo amene akafukufuku anaiika. Wina anauika kuseri kwa matumba, wina pamwamba pa khoma pamene pamatsikira mtanda, wina pafupi ndi mtsuko wa madzi. Njira za abuluzi awo ankazidziwa zonse.

Kutacha, misampha inali itadzaza. Ine, pozolowera, ndinatenga chiguduli kuti tiziyenda kudimba.

"Ukupita kuti?"

"Kungalande, anganga."

"Ika pansi. Kasambe."

Nawonso anasamba. Anadikira mpaka dzuwa litakwera. Anavala chitenje chawo chopitira kutchalitchi ndi mpango woyera, anayala pepala la pulasitiki m'dengu lalikulu, anasanjamo misampha, anapinda nkhata. Umodzi unakana kulowa, anandipatsa ine kuti ndiunyamule pamanja. Ndinathamangira nsalu yoti tivundikire pamwamba.

"Siya," anatero. "Ndavundikira zokwana."

Kuchokera kwathu kupita kuchipatala kuli njira ya kuseri, yodzera m'minda. Anganga sanaitenge. Anatenga ya pakati pa mudzi, yodutsa pamjigo, nthawi imene ndowa zimakhala zitandanda mpaka kumsewu. Makoswe aja, atamva kugwedezeka ndi kutentha kwa dzuwa pa chitsulo, anayamba kulira ndi kukanda, dengu lonse kumachita phokoso ngati mwasenza mbale zosweka. Fungo lake silinali lobisika. Amene ankapopa anasiya kupopa. Amake Dolofe anali pomwepo, manja m'chiuno.

"Anachisale, mwasenza chiyani?"

"Makoswe."

"Makoswe a kuti?"

"A m'nyumba mwanga."

Anayankha ndi mawu omwe aja ankayambitsira nyimbo m'tchalitchi. Titangodutsa pang'ono, wina anaphulika, kenako mjigo wonse unagwa nako kuseka, ena mpaka kuomba m'ntchafu. Ana anayamba kutilondola. Anzanga a m'kalasi analipo, atsikana amene ndinkawanyadira kuti kwathu kumagona abusa. Anyamata a kabaza pamphambano ankafunsa ngati ndiwozo n'zogulitsa. Mchira wa khoswe wanga unali utatulukira pa kachitseko, ukundikwapula padzanja, ndipo sindikanatha kuubisa kapena kuutaya. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindinawachitenso pena paliponse. Makutu ankandiyaka, ndinkangoyang'ana zidendene za anganga zong'ambika zikuponda fumbi mosafulumira, mosachedwa. Misozi inkagwera pa chitsulo. Ndinkawakwiyira kuti bwanji sanadzere kuminda.

Kuchipatala benchi inali yodzaza. Anganga anatula dengu pakhonde pomwe paja anawafunsira mafunso, anagwada, anaomba m'manja kupempha kuti awaitanire mayi wa kafukufuku. Mayi Nyirenda anatuluka, ataona dengu anagwira pakamwa.

"Ndinanama," anatero anganga. "M'nyumba mwanga muli makoswe, ambiri. Amayenda pamene amagona mwanayo, amakodzera mpunga umene amabwira. Mbewa zija ndinakumba ndine. Awa ndiye eni nyumba. Kawauzeni adokotala."

"Agogo, mukanangonena. Sizinafunike kuti muwasenze."

"Pakamwa pomwepa ndi pamene pananama, mwananga. Mukanapakhulupirira bwanji?"

Mayiyo sanataye nthawi. Analowa kwa adokotala akuthamanga. Atabwerako anatitengera pampopi n'kutisambitsa m'manja ndi sopo ndi mankhwala onunkha, mpaka m'zigongono, akutikalipira tsopano kuti tinkagwira bwanji zinthu zimenezi ndi manja osavala, kodi tikufuna tigone tonse? Anganga anatambasula manja awo ngati mwana wa sukulu. Mayi waukhondo wa m'mudzi mwathu akusambitsidwa m'manja ndi mwana wa eni, benchi yonse ikuonerera. Ndinatembenukira kukhoma.

Esimi anamubaya jakisoni wina tsiku lomwelo, anamuika diripi, ndipo chakumadzulo ambulansi inamutengera kuchipatala chachikulu ku Zomba. Anakhalako nthawi yaitali. Bambo anachoka panyanja n'kumagona pakhonde la chipatala. Tsiku limene uthenga unafika woti wakodza, anganga analowa kuchipinda n'kudzitsekera, ndinawamva akulira. Anabwerako Esimi ali mafupa okhaokha, tsitsi litasosoka, akuyenda mogwira khoma. Koma anabwerako.

Yankho la magazi linafika mvula itayamba. Akafukufuku anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Mayi Nyirenda anafotokoza kuti mwa anthu amene ankatentha thupi popanda malungo a udzudzu, ena anali ndi matenda a m'madzi akumwa, ena sanadziwike n'komwe, koma ena anali ndi matenda a mikodzo ya makoswe, ndipo tizilombo tomweto anatipeza mu impso za makoswe ogwidwa m'mudzi mwathu muno. Anatiphunzitsa kuika matumba pa thandala kutali ndi pogona, kuvundikira madzi, kusagwira khoswe ndi manja. Sanatchule dzina la munthu. Anangoti akuthokoza banja lina limene linawathandiza kwambiri. Mitu yonse inatembenukira kwa anganga. Wina kumbuyo ananong'ona, mokweza ndithu, kuti "Anamakoswe," ndipo dzina linabadwira pomwepo.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti palibe amene anatsatira chitsanzo cha anganga. Nyumba zonse zija zinali ndi makoswe. Ngalande ya kudimba inanunkha sabata yathunthu ndi makoswe a mudzi wonse. Koma nkhani imene inatsala ndi yakuti matenda anachokera kwa Anachisale. Anthu anamvera malangizo mwakachetechete, aliyense anakhoma thandala lake, ndipo mwana akatentha thupi amayi ankanong'oneza adokotala za makoswe, koma pamjigo ankanena kuti ife zimenezo kwathu kulibe. Tsiku lina ndinabwera kusukulu ndikulira, atandijambulira khoswe pa desiki. Ndinawafunsa anganga kuti bwanji osaulula za amake Dolofe ndi mbatata zawo.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero. "Iwo m'mimba simunawapote. Usawatchule."

Pasanapite nthawi akuluakulu a mpingo anabwera awiri, zipewa m'manja. Anayamba ndi kuyamikira ntchito imene anganga anagwira zaka zonsezi. Anati tsopano akula, mawondo atopa, ndi bwino apumeko, alendo azifikira kwa amake Dolofe. Anganga anawathokoza, anawaphikira tiyi. Iwo anamwa mosuzumira m'kapu. Atapita, anganga anapinda mphasa ziwiri zatsopano zimene ankasungira alendo n'kundituma kuti ndikazipereke kwa amake Dolofe, poti ndi za mpingo. Ndinakaziponya pakhonde osaodira. Anganga atamva anandibweza kuti ndikapepese.

Mwezi womwewo anakapempha kamwana ka mphaka ku Kachulu, kwa amayi owamba nsomba. Anakabweretsa m'manja masana, osakabisa. M'tchalitchi anachoka pa benchi ya kutsogolo n'kumakhala chapakati, ndipo nyimbo anasiya kuyambitsa. Sanadandaulepo pamaso panga, koma musaganize kuti sizinkawapweteka. Wina akawaitana dzina lija kumsika, mapewa awo ankagwa, ndipo ankafika kunyumba osagula zimene anapitira. Manyazi anawadya anganga mpaka tsiku lawo lomaliza. Chokhacho, Esimi akamadutsa akuthamanga ndi chingwe chake chodumpha, ankasiya chimene akuchita n'kumamuyang'ana mpaka atakhota.

Anganga anamwalira ine nditakwatiwa kale, ndikukhala m'tauni. Amene ankadziwa kuti anali Anachisale ambiri anawatsatira kumanda. Lero ndikapita kumudzi, ndikatsika minibasi pa Kachulu, pamakhala mayi wina wogulitsa matemba amene amandiyang'ana n'kufunsa kuti kodi inu ndinu a kwa yani. Ndimayamba ndi dzina la bambo, sadziwa. Ndimati kwa Anachisale, amakwinya nkhope, akuganiza. Ndiye ndimayenera kunena linalo. "Ooo, kwa Anamakoswe," amatero, akumwetulira, osadziwa n'komwe kuti linachokera kuti. Ndine mayi wa ana akuluakulu tsopano, ndikudziwa bwino lomwe chimene dzinalo linapulumutsa, koma makutu amandiyakabe ngati tsiku la pamjigo. Ndimachita manyazi ndi dzinalo, kenako ndimachita manyazi kuti ndachita manyazi, ndipo sindikudziwa ngati zidzandichoka.

Esimi alibe nazo ntchito zimenezo. Za kudwala kwake sakumbukira kalikonse, anangomva kwa ife. Amagulitsa mpunga pa Songani, ali ndi ana anayi ndi pakamwa pomwe paja. Ulendo wapitawu minibasi yanga inaima pamenepo kutsitsa anthu, ine nditakhala pawindo ndi chikwama pamiyendo, ndavala bwino ngati munthu wa m'tauni. Anandiona ali patsidya pa msewu. Anaimirira pakati pa matumba ake, anakweza dzanja, nakuwa msika wonse ukumva:

"Iwe wa kwa Anamakoswe, ukundidutsa?"

Anthu a m'minibasi anatembenuka kufuna kuona amene akuitanidwa. Ndinazyolika kaye. Kenako ndinauza kondakitala kuti ndine, anditsegulire.